Dimba la pakhomo ndi nkhokwe ya ndiwo: phunziro kwa ife a kwa Dambe

Dera la Mfumu Dambe, m'mapiri a boma la Neno kufupi ndi malire a dziko la Mozambique, ndi lozizira ndipo limabereka mbatatesi, tirigu, nyemba ndi zipatso zimene anzathu a ku Lisungwi, kumene kumatentha, amavutika kulima. Koma kawirikawiri zokolola zabwino timathamangira nazo ku msika, ana athu n'kumadyera nsima ndiwo za mtundu umodzi sabata yathunthu. Tikufuna tikumbutsane kuti kadimba ka kuseri kwa nyumba kangathe kusintha zimenezi.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo awiri mwa magulu amenewa ndi masamba ndi zipatso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Chimanga chimakhutitsa, koma pachokha sichimanga thupi. Ndipo ng'amba ya mu 2024, imene inapsereza minda ku Neno ndi maboma ena ambiri, inatisonyeza kuopsa kodalira munda wa mvula wokha.

Poyamba tisankhe malo amene pamafika dzuwa, pafupi ndi madzi, ndipo tiwatchinge ndi mpanda wa udzu kapena nsungwi poopa mbuzi ndi nkhuku. Mabedi akhale a mita imodzi m'lifupi kuti tizipalira osaponda mbewu. Popeza kwathu kuno n'kotsetsereka, mabediwo adule phiri mopingasa, kuti madzi a mvula asakokolole nthaka.

Chachiwiri ndi manyowa. Ndowe za mbuzi, zitosi za nkhuku, phulusa ndi zinyalala za m'munda zikaolerana bwino zimabwezera chonde popanda kugula feteleza. Tipewe kuthira ndowe zaziwisi chifukwa zimatentha mizu. Tikaphimbira mabedi ndi udzu wouma, chinyontho chimakhalitsa, choncho ngakhale madzi otsukira ziwiya, ngati alibe sopo wambiri, amathandiza m'chilimwe.

Nanga tibzale chiyani? Tisanyoze ndiwo za makolo athu. Bonongwe, luni, chisoso, nkhwani, khwanya ndi kholowa sizifuna mankhwala ambiri, mbewu yake tingathe kusunga tokha, ndipo bonongwe amayamba kuthyoledwa pasanathe mwezi. Mpiru, repu, kabichi, anyezi ndi matimati timayamba tafesa pa nazale, n'kuwokera pakatha milungu inayi kapena kuposerapo. Tisafese zonse tsiku limodzi. Bedi lina lero, lina pakapita milungu iwiri, kuti ndiwo zisathere pamodzi. Tizisinthanso mbewu pa bedi: pamene panali matimati kapena mbatatesi tisabwerezepo mbewu ziwirizi, pakuti ndi za banja limodzi ndipo zimagwidwa ndi matenda ofanana, monga chiwawu chimene chimakonda malo ozizira ndi a chinyontho. Tikapopera mankhwala, tidikire masiku amene alembedwa pa botolo tisanathyole.

Kumbali ya zipatso, manachesi, malalanje, mapeyala ndi mapichesi amachita bwino m'madera okwera ngati athu. Mtengo womezanitsa umayamba kubereka patatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene wochokera ku njere umachedwa kwambiri. Tikumbe dzenje lalikulu, tisakanize dothi la pamwamba ndi manyowa, ndipo tibzale mvula ikakhazikika. Chipatso chodyedwa pamodzi ndi chakudya chimathandiza thupi kutenga mchere wa ayironi wa m'masamba ndi nyemba, umene umateteza ku vuto lochepa magazi, makamaka kwa amayi oyembekezera.

Ndiwo zikachuluka m'dzinja tisazitaye. Tiziwiritse pang'ono, tiziyanike pa mthunzi, tipange mfutso monga ankachitira agogo athu, kuti tidzadye mu Okutobala ndi Novembala pamene masamba amasowa.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Msika uli kutali, ndipo m'dzinja misewu ya kumapiri imaterera, koma dimba lili pakhomo. Tiyambe ndi mabedi awiri ndi mitengo iwiri chaka chino. Banja lidye kaye, zotsala ndiye tigulitse.