Masamu a kusekondale ali m'shedi ya fodya ku Chifunde

CHIFUNDE – Mwana wa kusekondale akatsegula buku la masamu amakumana ndi mawu atatu oopsa: estatística, função ndi inequação. Onsewa ndi a Chipwitikizi, pomwe kunyumba amalankhula Chichewa. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa m'Chinyanja m'masukulu ena a pulayimale m'chigawo cha Tete, koma masamu a kusekondale amaphunzitsidwabe m'Chipwitikizi.

Komabe masamu omwewa ali kale pakhomo. M'boma la Chifunde, lomwe lachita malire ndi Zambia pa Cassacatiza, mabanja ambiri amadalira fodya. Mlimi amatenga feteleza ndi mbewu pa ngongole, ndipo kampani imadula ndalama zake pa tsiku logulitsa.

Mwachitsanzo, mlimi ali ndi ngongole ya mametikali 12,000 ndipo fodya wake akugulidwa pa mametikali 80 pa kilo. Ndalama yobwerera nayo kunyumba ndi 80x – 12,000, pomwe x ndi makilo ogulitsidwa. Imeneyi ndiyo função: makilo akasintha, ndalama isinthanso.

Nanga agulitse makilo angati kuti atsale ndi kanthu? Mwana alemba 80x > 12,000, nagawa mbali zonse ziwiri ndi 80. Yankho ndi x > 150. Imeneyi ndiyo inequação. Makilo 150 enieni angobweza ngongole basi. Phindu liyamba pa kilo yotsatira.

Pogona nkhani ndi pa estatística, chifukwa fodya amagulidwa m'magiredi. Mlimi wina wagulitsa makilo 100 pa mametikali 120 ndi makilo 300 pa mametikali 60. Wopupuluma aphatikiza 120 ndi 60, nagawa pawiri, nati mtengo wapakati ndi 90. Walakwa. Ndalama zonse ndi 30,000, makilo onse ndi 400, choncho média yeniyeni ndi 75, popeza fodya wa giredi yotsika ndiye wachuluka. Woyembekezera 90 aganiza kuti alandira 36,000, ndipo pa tsiku la malipiro aona ngati wamubera 6,000.

Kulakwitsa kotereku m'kalasi kumachotsa mamalikesi, pomwe mwana afunika kupeza 10 pa 20 kuti akhoze. Kumudzi kumachotsa ndalama ya sopo, mchere ndi makope.

Nyengo yogulitsa ikafika, makolo asabise malisiti. Awapereke kwa ana awo a sukulu kuti awerengere limodzi.