Galimoto yoyendera dzuwa: tiyeni tiwerengetse kaye mayunitsi

Kanema wa galimoto ya matayala atatu yotchedwa Aptera wakhala akuzungulira m'mafoni, ndipo aliyense wonditumizira amawonjezera mawu ofanana: "A injiniya, nayi galimoto yathu Amalawi. Dzuwa lilipo lambiri, mafuta ayi, magetsi ayi." Ambiri ndimangowayankha mwachidule. Koma sabata yatha anandipeza bambo ena achikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, atanyamula chojambula papepala. Anyamata ena awalonjeza kuti akapereka gawo la ndalama zawo za penshoni, awasinthira galimoto yawo yakale kuti iziyendera dzuwa: mapanelo a sola padenga, mabatire m'buti, ndi alternator yolumikiza ku tayala lakumbuyo kuti izidzitchaja yokha ikamayenda. Mtima unandiwawa, chifukwa anyamatawo mwina si akuba n'komwe. Akukhulupirira zimene akunenazo, monganso amazikhulupirira anthu ambiri ophunzira bwino.

Ntchito yanga ndi ya mabatire ndi magetsi a m'galimoto, ndipo nkhani ya galimoto yosasowa kutchaja ndatopa nayo.

Aptera si yabodza. Ikupangidwa ku Carlsbad, ku California. Kampani yake idayamba mu 2006, idagwa mu 2011, n'kudzukanso mu 2019, ndipo mu Januwale 2025 adaonetsa ku Las Vegas galimoto yoyeserera yofanana ndi imene akufuna kudzagulitsa. Eni ake amati mapanelo ake, a mphamvu pafupifupi mawati 700, angathe kuiyendetsa makilomita ofika 64 patsiku la dzuwa labwino. Masamu awo ndawayesa ndekha ndipo akugwirizana. Koma chinsinsi chake sichili m'mapanelomo. Chili m'thupi la galimotoyo: imanyamula anthu awiri okha, ndi yopepuka kwambiri, ndipo idaumbidwa kuti izidutsa mumphepo mosavuta. Ife timayeza zimenezi ndi nambala yotchedwa drag coefficient, yosonyeza kuchuluka kwa mmene mphepo imakanizira galimoto. Galimoto wamba imakhala cha pa 0.30, pamene Aptera amati ili cha pa 0.13. N'chifukwa chake imadya magetsi ochepera theka la amene galimoto wamba yamagetsi imadya. Mukachotsa thupi limenelo n'kusiya mapanelo okha, nkhani yonse yatha.

Tiyeni tiwerengetse, ndipo musaope, ndi masamu a pulayimale. Yuniti imodzi imene mumagula ya pamita yakunyumba ndiyo imene ife timaitcha kWh. Galimoto ngati Nissan Leaf, imene tayamba kuiona m'misewu yathu kuchokera ku Japan, imadya mayunitsi pafupifupi 16 pa makilomita 100 alionse. Dzuwa likakhala pamutu, kumwamba kulibe mtambo, limagwetsa mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita iliyonse. Panelo yabwino imatola gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu imeneyo. Denga la galimoto wamba lili ndi malo pafupifupi masikweya mita awiri, kutanthauza mawati 400 pa nthawi yabwino koposa. Kuno kwathu dzuwa la tsiku lonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, likaphatikizidwa limafanana ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi a dzuwa la pamutu. Ndiye patsiku mwapeza mayunitsi awiri, mukachita mwayi. Amenewo ndi makilomita khumi, mwina khumi ndi awiri. Batire ya Leaf ya mayunitsi 40 ingatenge pafupifupi masabata atatu kuti idzaze, galimoto itangoima padzuwa osagwedezeka. Ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre, makilomita opitirira 300 pa M1, ukufuna mayunitsi pafupifupi 50, ndipo pa ulendo wonsewo denga silingapereke oposa awiri.

Ndipotu masamu amenewa ndawakomera mtima. Panelo ikatentha mphamvu yake imatsika, ndipo denga la galimoto mu Okutobala limawotcha dzanja. Fumbi la chilimwe limadyanso gawo lake. Denga limagona chagada, siliyang'ana kumene kuli dzuwa. Komanso ndani mwa ife amaimika galimoto padzuwa mwadala? Tonse timathamangira pansi pa mtengo wa mango, ndipo timachita bwino, chifukwa kutentha ndi mdani wamkulu wa batire.

Anthu a ndalama zambiri ndi mainjiniya aluso ayesapo kale. Kampani ya ku Netherlands idapanga Lightyear 0, yokhala ndi mapanelo a masikweya mita asanu, pa mtengo wa mayuro 250,000, koma idasiya kuipanga mu Januwale 2023 itangoyamba kumene. Mwezi wotsatira, Sono Motors ya ku Munich idathetsa ntchito ya galimoto yake ya Sion, imene anthu masauzande ambiri anali atailembetsa kale. Toyota imaika denga la sola pa Prius zina, ndipo payokha imanena kuti limawonjezera makilomita pafupifupi 1,200 pachaka. Gawani ndi masiku a chaka, mupeza kuti sakukwana anayi patsiku.

Za alternator ya kutayala ndiye zimandipweteka kwambiri, chifukwa pamenepa palibe ngakhale kachidutswa ka phindu. Alternator sipanga mphamvu. Imatenga mphamvu ya chinthu chozungulira n'kuisandutsa magetsi, ndipo ikamatero imalimba, imakoka tayala kuti libwerere m'mbuyo. Amene akuzunguza tayalalo ndi mota, ndipo mota ikudya kuchokera m'batire momwemo. Zili ngati kutunga madzi mumtsuko ndi chikho chobowoka n'kumawathiranso mumtsuko womwewo: ulendo uliwonse ena atayikira pansi. Alternator ya galimoto wamba imataya pafupifupi theka la mphamvu imene yalandira, imangosanduka kutentha. Galimoto ya bambo aja ikanayenda mtunda waufupi ili ndi alternator kusiyana ndi ilibe.

Ndikudziwa kumene chikhulupirirochi chimachokera. Anthu amamva kuti galimoto yamagetsi imadzitchaja ikamayenda, ndipo pali choonadi pang'ono. Timachitcha regenerative braking. Mukachotsa phazi pa moto kapena mukaponda mabuleki, mota ija imatembenuka n'kukhala jenereta, imagwira galimoto kuti isathamange, ndipo mphamvu imene ikanangotenthetsa mabuleki imabwerera m'batire. Potsika kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, pamene msewu umatsetsereka mamita pafupifupi 900, mungaone batire ikuwonjezekera pang'ono. Koma mphamvu imeneyo mudailipira kale pokwera, ndipo yobwerera imakhala yocheperapo nthawi zonse. Pamsewu wathyathyathya, pa liwiro losasintha, palibe chobwerera.

Sindikunena kuti dzuwa lisayendetse galimoto. Liyendetse ndithu, koma mapanelo akhale padenga la nyumba kapena la shedi yoimikamo galimoto, pamene malo ndi ambiri, mphepo imawaziziritsa, ndipo angathe kupendekera kumpoto kumene kumadutsa dzuwa lathu miyezi yambiri ya chaka. Mapanelo asanu ndi limodzi a mawati 500 amapereka mayunitsi 12 mpaka 15 patsiku, okwanira makilomita 75 kapena kuposerapo, ndipo galimoto ili pamthunzi pansi pake. Dziko lathu likuchita kale zomwezo pamlingo waukulu ku Salima ndi ku Golomoti, kumene mapanelo ali pansi m'munda n'kumathira magetsi m'mawaya.

Tsono wina atandifunsa zimene ndikufuna kuona pa galimoto yamagetsi yoyeserera, kaya ndi Aptera kaya ndi ina imene ana athu a m'makoleji a zaumisiri adzapange, ndingayambe ndi kugwada n'kusuzumira kunsi. Batire imakhala pansi pa mipando, pamalo pomwe pamagunda mahampu ndi miyala. Leaf imatalikira pansi masentimita pafupifupi 15 okha. Ine ndingafune 20, ndi chitsulo chochindikala chotchinga batire, ndi bokosi losalowa madzi, chifukwa mvula ikagwa misewu ya m'makwalala mwathu imasanduka mitsinje. Pa Aptera chondidetsa nkhawa ndi matayala atatuwo. Galimoto ya matayala anayi imasiya mizere iwiri, ndipo dalaivala amalowetsa dzenje pakati n'kudutsa. Ya matayala atatu imasiya mizere itatu: mukapulumutsa akutsogolo, lakumbuyo ligweramo. Matayala akutsogolo ali kunja kwa thupi, m'zivindikiro zotsika pafupi ndi nthaka, ndipo galimoto yonse ndi yotambalala kupitirira mamita awiri. Ku California zimenezi zingayende. Pamsewu wodyeka m'mphepete, wokhala ndi akabaza mbali zonse ziwiri, sindingamulangize munthu. Chimodzi ndiwayamikire opanga Aptera: poyamba adafuna kuika mota mkati mwa tayala lililonse, kenako adasintha n'kuiika m'thupi. Mota ya m'tayala imalandira nkhonya ya dzenje lililonse.

Chachiwiri ndi kutentha, ndipo apa sindinyengerera. Leaf zimene zikubwera kunozi zilibe madzi oziziritsa batire, imangodalira mpweya. Mu 2012 eni ake a Leaf ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona, adadandaula kuti mabatire awo akufooka msanga kwambiri. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40 mvula isanayambe. Galimoto yopangira dziko ngati lathu ikhale ndi mapaipi a madzi oziziritsa batire, ndipo ndingasankhe batire ya mtundu wa LFP, yopangidwa ndi lithium, chitsulo ndi phosphate. Ndi yolemererapo pa yuniti iliyonse, inde, koma imapirira kutentha, sigwira moto msanga, ndipo imalola kutchajidwa kambirimbiri isanatope.

Zina nditchule mothamanga. Izitha kutchajidwa pa soketi wamba ya mavoti 230, chifukwa usiku umodzi pamenepo umapereka mayunitsi pafupifupi 20, makilomita opitirira 100, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso ipitirize yokha popanda wodzuka kukaidina. Izithanso kubweza magetsi kunyumba, monga zimachitira Hyundai Ioniq 5 ndi galimoto zina za BYD. Tonse tikukumbukira mmene zidalili namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Pulagi yotchajira mwachangu ikhale ya CCS2, imene ikugwiritsidwa ntchito ku South Africa ndi ku Ulaya. Pakadali pano Leaf za ku Japan zimabwera ndi CHAdeMO, zambiri za ku China ndi GB/T, Aptera idasankha ya Tesla, ndipo dziko losauka silingamange malo otchajira a mitundu inayi. Matayala akhale a saizi yopezeka pamsika uliwonse. Masipuling'i aganizire kuti galimoto kuno imanyamula banja lonse ndi thumba la chimanga, taonani mmene Sienta zimagwirira ntchito. Chogwirira chitseko chikhale cha waya kapena chitsulo, chotseguka ngakhale magetsi onse atafa, chifukwa pangozi opulumutsa anthu ndi odutsa m'njira. Hutala, mawaipa ndi magetsi okhotera zikhale pa mabatani ogwirika ndi dzanja.

Koma pempho limene lili pamtima panga ndi lokhudza amakaniko. Batire yaikulu ndi maselo ambirimbiri olumikizana, ndipo pali kakompyuta kotchedwa BMS kamene kamayang'anira selo lililonse kuti lisadzaze mopitirira, lisaphwe, lisatenthe. Nthawi zambiri batire imene anthu amati yafa imakhala ndi gawo limodzi lofooka. Ngati wopanga adamata zonse ndi guluu n'kutseka BMS kuti iziwerengedwa ndi makina a kampani yokha, mwini galimoto amauzidwa kuti agule batire yonse ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Ndikufuna batire yomasuka ndi sipanala, gawo ndi gawo, ndi buku lake poyera. Eni ake a Aptera alonjeza kuti aliyense adzakhala ndi ufulu wokonza galimoto yake, ndipo ngati adzasunge lonjezo limeneli, likhala la phindu kwa ife kuposa mapanelo awo onse.

Kwa amene akufuna kugula galimoto yamagetsi yogwiritsidwa kale ntchito, langizo langa ndi losakwanira chifukwa galimoto iliyonse ili ndi mbiri yake, komabe nali. Musayang'ane makilomita okha, funsani thanzi la batire. Pa Leaf pali timizere 12 tosonyeza zimenezi, ndipo yotsala ndi tosakwana 10 ine ndingaiganizire kawiri, pokhapokha ngati maulendo anu ndi a m'tauni momwemo. Itanani wamagetsi wovomerezeka aone mawaya ndi earth ya nyumba yanu musanayambe kutchaja, ndipo chingwe cholumikiza cha pamsika musachigwiritse ntchito. Amakaniko anzanga, mawaya a mtundu wa olenji amanyamula mavoti 350 kapena kuposa. Amapha. Musawakhudze musanaphunzitsidwe.

Ndipo wina akakulonjezani galimoto yosasowa kutchaja, musakangane naye. Mufunseni kuti mapanelo ake apereka mayunitsi angati patsiku, ndipo galimotoyo idya angati pa makilomita 100. Akalephera kulemba manambala awiriwa papepala, ndalama zanu musapereke.