Kawaya Kamodzi Kanathetsa Phokoso la Kompyuta Yanga

Kompyuta yanga inkadziwika ndi phokoso mpaka kwa aneba. Ndikangoyamba kulumikiza mavidiyo a ukwati, mafani onse ankadzuka n'kumalira ngati chigayo cha dizilo, moti woimba foni ankafunsa ngati ndili pamsewu. Mu Okutobala zinkanyanya. Mapurosesa ambiri a Intel ali ndi malire a kutentha a madigiri 100, ndipo akafika pamenepo amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse. Yangayi inkakhalira pamalire pomwepo. Vidiyo yoti ithe madzulo inkatha tambala atalira, eni ukwati ali pakhosi panga.

Choncho ndinaitanitsa zipangizo zoziziritsira ndi madzi: pampu ya D5, kathanki, rediyeta, mapaipi, ndi kachitsulo ka kopa kokhala pamwamba pa purosesa. Kumanga sikunavute. Chinandiimitsa ndi botolo la madzi lili m'manja.

Taonani msampha wake. Kuti madzi azungulire m'mapaipi pafunika pampu, pampu ifuna magetsi a mavoti 12 ochokera ku power supply, koma power supply siyaka yokha: imadikira motherboard kuti iiuze. Ukadina batani, chilichonse chimadzuka, RAM, khadi la zithunzi, ndi purosesa yomwe madzi sanaifike n'komwe. Dontho limodzi lochokera pamfundo yosamangika likagwera pamenepo, ndalama za chaka chonse zimasanduka utsi. Kompyuta inangokhala patebulo, yokongola, youma.

Amene anamasula mfundoyi ndi alamu anga, omwe amakonza mawayilesi ndi ma TV. Anaiyang'ana, anaseka, n'kupempha kawaya kopanira mapepala.

"Alamu, mukuopa chiyani? Power supply ilibe maso. Sidziwa ngati amene waidzutsa ndi motherboard kapena ndi ine."

Kenako anandionetsa. Makompyuta a patebulo amatsatira kamangidwe ka ATX komwe a Intel anatulutsa mu 1995. Pa pulagi yaikulu ya mabowo 24 yolumikiza power supply ndi motherboard pali waya umodzi wobiriwira, wotchedwa PS_ON, pabowo la nambala 16. Ukadina batani, motherboard imangolumikiza waya umenewu ndi waya wakuda wa ground, basi, power supply n'kuyaka. Mawaya akudawo ali pomwepo, mbali zonse ziwiri, pa 15 ndi pa 17. Ndiye ukapinda kawaya n'kulowetsa mbali imodzi kobiriwira, ina kwakuda, wagwira ntchito yonse ya batani. Chovuta n'chakuti opanga ambiri masiku ano amapanga mawaya onse akuda pofuna kukongoletsa. Zikatero osaganizira: werengani mabowo motsatira kabuku ka power supply yanu, kapena gulani kapulagi kolumikiza kale, kamene ogulitsa zipangizozi amakhala nako.

Tisanakhudze kalikonse tinazimitsa switchi ya kumbuyo n'kuzula chingwe kukhoma. Tinazulanso pulagi yaikulu ija pa motherboard, ya mabowo 8 ya purosesa, ya khadi la zithunzi, ndi ya ma disiki. Pampu yokha ndi imene inatsala yolumikizidwa. Bokosi la power supply lenilenilo alamu anandiletsa kulitsegula, chifukwa mkatimo magetsi amatsalira ngakhale utazula chingwe.

Madzi ake ndi a distilled, aja othira m'batire ya galimoto (madziwo, osati asidi!), ndipo tinadonthezeramo mankhwala oletsa ndere. A pampopi ali ndi mchere umene umatsalira m'timipata ta kachitsulo kaja.

Apa ndiye panali pokoma. Ndinadzaza kathanki, alamu analowetsa kawaya kaja pa pulagi, anabwezera chingwe kukhoma n'kudina switchi, ndipo pampu inameza madzi onse kamodzin'kamodzi, gudu! Ndinawaona akukwera m'paipi, akulowa m'rediyeta. "Zimitsani!" Anazimitsa kathanki kasanaume, chifukwa pampu ya D5 imadalira madzi omwewo kuti mkati mwake muziterera, ndipo ikazungulira youma imaonongeka msanga. Kuthira, kuyatsa, kuzimitsa, kuthiranso. Tinatero mpaka madzi anatulukira mbali ina n'kubwerera m'kathanki. Ndinakuwa ngati ndagoletsa ndine. Nthawi yonseyi motherboard inali mtulo, osadziwa kuti pamwamba pake pakudutsa mtsinje.

Mpweya wotsalira unkachita phokoso m'pampu, ndiye tinapendeketsa bokosi la kompyuta uku ndi uku mpaka thovu lonse linakwera m'kathanki. Pansi pa mfundo iliyonse tinayalapo tishu woyera n'kusiya pampu ikuzungulira. Ambiri odziwa ntchitoyi amati uisiye maola 24, ndipo ine sindinafune kuwaposa nzeru.

M'mawa ndinapeza tishu wina wanyowa. Kamphira ka pamfundo ya rediyeta kanali katapanika, ndipo madontho ankagwera pamsana pa khadi la zithunzi, chipangizo chodula kuposa zonse m'bokosimo. Mukanandiona! Ndinavina ndekha m'chipinda, chifukwa khadilo linalibe magetsi ngakhale pang'ono. Ndinatsitsa madzi, ndinakhazika bwino kamphirako, ndinapukuta khadi n'kulisiya kuti liume kwathunthu, kenako ndinayesanso. Ulendo uno tishu yense anacha ali gwa, wouma.

Ndinachotsa kawaya kaja, n'kubwezera mapulagi onse, n'kudina batani lenileni.

Lero kompyuta imeneyi ndi ina. Ndimatsegula vidiyo ya chinkhoswe chonse, zithunzi mazanamazana, nyimbo pamwamba, mafani a parediyeta n'kumangoyenda mwaulesi. Purosesa siyandikiranso malire aja, choncho siidzibweza liwiro, ndipo ntchito imatha dzuwa lisanalowe. Mayi a kunyumba analowa tsiku lina n'kufunsa kuti, "Bambo, lero simukugwira ntchito?" Ndinangowalozera madzi akuyenda kuseri kwa galasi. Makasitomala nawo akabwera kudzatenga mavidiyo amachedwa kunyamuka, ena amajambula ndi foni, wina anafunsa ngati mungaikidwe nsomba.

Alamu anabwera kudzaitanitsa malipiro: nkhuku yachikuda ndi kawaya kawo. Nkhuku anatenga. Kawaya ndinakaniza, ndakamata ndi tepi mkati mwa chitseko cha bokosi, chifukwa madziwa amafunika kusinthidwa pafupifupi chaka ndi chaka ndipo tsiku limenelo sindifuna kulipiranso nkhuku ina.