Kuona Malire a Khansa ya Pakhungu Opaleshoni Isanayambe

Dokotala akamachotsa khansa ya pakhungu, funso lalikulu limakhala lakuti adule mpaka pati. Akadula mopereŵera, maselo a khansa amatsalira ndipo chotupa chimameranso. Akadula mopitirira, bala limakula, ndipo pamphuno, pamlomo kapena pakhutu limavuta kusoka.

Malire a chotupa saoneka bwino ndi maso okha. N'chifukwa chake madokotala a khungu amagwiritsa ntchito kachipangizo ka m'manja kotchedwa dermoscope, komwe kali ndi nyali ndi galasi lokulitsa zinthu pafupifupi ka 10. Pa khansa ya basal cell carcinoma, kamaonetsa timitsempha ta magazi tokhala ngati nthambi za mtengo, ngakhale pamalo ooneka ngati abwinobwino. Dokotala amajambula mzere pomwe zizindikirozo zathera, n'kuonjezera mamilimita pafupifupi 4 ngati chotupacho chili chaching'ono, kenaka n'kudula.

Komabe kachipangizoka sikaona kuya kwa chotupa. Choncho nyama yodulidwayo imatumizidwabe ku labotale kuti akatsimikize ngati khansa yonse yachoka.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu achialubino, omwe kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno alipo oposa 134,000. Dzuŵa limawononga khungu lawo msanga, ndipo ambiri amadwala squamous cell carcinoma, yomwe imatha kufalikira m'thupi. Chotupa chikakhala chaching'ono, malire ake amajambulika mosavuta. Choncho alangizi a zaumoyo akaona chilonda chomwe chatha mwezi osapola, amutumize munthuyo kuchipatala mosazengereza.