Difu ikayamba kulira, musakweze wailesi

Alimi ndi ogula nsomba ambiri kuno ku Mangochi amadalira pikiapu imodzi pa zonse: usipa ndi utaka wa ku Monkey Bay kapena ku Malindi, matumba a chimanga, mabelo a fodya ochokera ku Namwera. Galimoto zimenezi, makamaka Toyota Hilux ndi Isuzu KB zakale, zimasenza katundu wopitirira muyeso, ndipo chimene chimayamba kudandaula kawirikawiri ndi difu, chimphika chachitsulo chija chili pakati pa matayala a kumbuyo.

M'kati mwake muli giya yaing'ono yotchedwa piniyoni, imene imazunguzidwa ndi propushafiti, ndi giya yaikulu imene imapereka mphamvu ku matayala. Zonsezi zimayenda pa mabering'i. Tayala likazungulira kamodzi, piniyoni imakhala itazungulira kanayi kapena kupitirira, n'chifukwa chake mabering'i ake sachedwa kutha oyilo akachepa.

Choyamba ndi khutu. Pezani msewu wa tala, muyende opanda katundu. Mukamva kulira kopyapyala kumene kukukwera ndi liwiro, ndipo kukusintha mukaponda kapena kusiya moto, kayikirani mabering'i a piniyoni. Mkokomo wapansipansi wosasintha umaloza mabering'i a m'mbali mwa giya yaikulu. Koma ngati phokoso likukula mukamakhotera mbali imodzi n'kuchepa mukakhotera inayo, difu ilibe mlandu; vuto lili pa bering'i ya ku tayala. Anthu amataya ndalama zambiri pamenepa, kumasulitsa difu yabwinobwino.

Kenaka imikani galimoto pamalo osatsetsereka, mutsekere matayala ndi miyala, giya ikhale pa fulii. Gwirani pamene propushafiti yalumikizana ndi difu, mugwedeze m'mwamba ndi pansi. Sipayenera kugwedera ngakhale pang'ono. Pakagwedera, komanso ngati pakudontha oyilo, bering'i yapita.

Tsopano khuthulani oyilo m'beseni loyera. Kachitsekero ka pansi kali ndi maginito. Phala lakuda losalala pamenepo si lodetsa nkhawa, koma tizidutswa tonyezimira tonga mamba a usipa ndi bering'i imene ikunyenyeka. Oyilo akatuluka wotuwa ngati thobwa, mwalowa madzi. Ili ndilo vuto lathu kunyanja kuno. Difu yotentha ikamira mumtsinje, monga zimachitikira m'dzinja panjira ya ku Makanjira, mpweya wa m'kati umazizira n'kukoka madzi kudzera pa kabowo kopumira kali pamwamba. Kabowo komweko kakatsekeka ndi matope, oyilo amathawira m'masilo mpaka kunyowetsa mabuleki. Mukawoloka madzi akuya, onani oyilo tsiku lomwelo. Wofunika ndi wa magiya, 80W-90 kapena 85W-140 wolembedwa GL-5, ndipo afike m'mlomo mwa bowo lothirira. Oyilo wakale wa injini, amene ena amathira poti ngwaulere, ndi wopyapyala kwambiri kwa magiya amenewa.

Pokonza, eni Hilux ali ndi mwayi: mukasolola maekiselo onse awiri, mutu wa difu umachoka wathunthu, ndipo mutha kukwera nawo basi kupita kwa makaniko ku boma, galimoto n'kutsala pakhomo. Kumeneko musachokepo. Bering'i isinthidwe pamodzi ndi mphete yake imene imayendamo. Yatsopano pa mphete yakale sikhalitsa. Silo ikhale yatsopano, ndiponso kachitsulo kofinyika kokhala pakati pa mabering'i awiri a piniyoni. Ena amangomangitsa nati ya piniyoni kuti kugwedera kuthe. Phokoso limachepadi masiku angapo, kenaka bering'i imapsa, ndipo mugula magiya omwe.

Funsani makaniko ngati ali ndi geji yoyezera mpata wa pakati pa mano a magiya awiriwo. Pa Hilux mpatawu ndi 0.13 mpaka 0.18 mm, woti diso silingauone. Apakenso utoto pa mano n'kuzunguza, kuti muone nonse ngati akulumana pakati osati kunsonga. Wopanda geji, kunena zoona, akungolota.

Ngati vuto linali bering'i ya ku tayala, mphete yoigwira pa ekiselo ikhalenso yatsopano, yolowetsedwa ndi makina opanikizira, osati hamala. Mphete yakale ikaterereka, ekiselo imasololoka pamodzi ndi tayala ndi dilamu ya buleki, ndipo zimenezi zikachitika mukutsika phiri la Chowe ndi fodya komanso anthu pamwamba, simudzakhala ndi choimitsira.