Amene Nsima Yawo Imachokera pa Agalu

Mukayenda m'misewu ya ku Area 47 ku Lilongwe, ku Namiwawa ku Blantyre kapena ku Katoto ku Mzuzu, simulephera kuona geti yokhomedwa kachitsulo kochenjeza kuti m'katimo muli agalu olusa. Chimene kachitsuloko sikanena n'chakuti galu aliyense wa mumpandamo ali ndi munthu womuphikira, kumusambitsa, kumuzula nkhupakupa ndi kumutsukira khola, ndipo kawirikawiri munthuyo si mwini galu. Amakhala mnyamata wa m'maluwa, mlonda, kapenanso mtsikana wa m'nyumba. Iye analembedwa ntchito ina, galuyo anangomugwera m'manja popanda womulangiza, popandanso kakhobidi kowonjezera pa malipiro. Gulu lalikulu la ogwira ntchito ya agalu m'dziko muno ndi limeneli, ngakhale kuti palibe amene amaliwerengera.

Tsiku la munthu ameneyu limayamba ndi fosholo ndi tsache. Akatola zonyansa n'kusintha madzi akumwa, amateleka mphika wa galu: mgaiwa kapena madeya, bonya, mafupa a kubutchala, mwina ndi zipalapasiro. Chakudya cha m'matumba chochokera ku South Africa chilipo m'masitolo akuluakulu, koma mtengo wake ndi wa anthu owerengeka. Wozolowera ntchitoyi amadziwa kuti nsima yokha imakhutitsa koma simanga thupi, kuti anyezi amaononga magazi a galu, ndiponso kuti mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Amadziwanso kuti galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu lilime lili panja, moti khola lamalata lopanda mthunzi likhoza kumupha masana amodzi a mu Okutobala. Pali nyumba zina kumene mphika wa galu umanona kuposa wa wouphikayo. Bwana wa nyumba yotere asamadabwe nyama ikamachepa isanafike kukhola.

Kumudzi ntchito ya galu inali yodziwika kuyambira kale: kusaka, kuingitsa anyani ndi nguluwe m'munda, kuuwa fisi akayandikira khola la mbuzi. Mlenje sankalipira mphunzitsi. Ankangotenga kagalu n'kukaphatikiza ndi akuluakulu pa uzimba, iko n'kumaonera, pajatu galu wamkota sakandira pachabe. M'tauni zinthu zinasintha umbava utakula, mipanda ya njerwa n'kuyamba kukwera. Galu anasanduka malonda, ndipo wogula aliyense amafika ndi funso limodzi: kodi ndi wolusa?

Ine ndimaona kuti funso limeneli ndi limene lapotoza ntchito yonseyi. Pofuna galu wolusa, anthu amamutsekera m'kabokosi kamdima tsiku lonse kuti asazolowere munthu, amamuthirira tsabola m'chakudya, ena amakamba za mavu ndi chamba, ena amamumana chakudya kuti usiku adzuke ndi mkwiyo. Chotulukapo ndi galu wamantha, ndipo galu wamantha sasankha woluma. Amaluma wowerenga mita ya madzi, mlendo wa mayi, mwana wa panyumba pomwepo.

Oweta agalu ogulitsa amadyera pa funso lomweli. German Shepherd, Rottweiler, Boerboel ndi pitbull ndiwo mayina amene amayenda malonda pa Facebook ndi pa WhatsApp. Woweta wolongosoka mumamudziwa msanga. Amakuonetsani make wa tiagaluto, satigulitsa tisanakwane milungu 8, amatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira pa milungu iwiri, ndipo amakupatsani khadi la katemera woyamba losainidwa ndi a vetenale. Kumapeto ena a malondawa kuli anyamata a m'mbali mwa msewu amene amakweza kagalu m'mwamba galimoto ikamadutsa: “Bwana, kameneka n'kamtundu!” Nthawi zambiri kagaluko kanachotsedwa kubere kasanayambe n'kudya komwe, kakhala padzuwa tsiku lonse, ndipo sabata isanathe kayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi. Imeneyo ndi parvo, imene imapulula tiagalu tosabayidwa ndipo kachilombo kake kamatsalira m'dothi miyezi yambiri, kudikirira kagalu kena kamene mudzagule. Bungwe la LSPCA la ku Lilongwe, limene linayamba mu 2008, lakhala likulimbana ndi malonda a m'misewuwa. Kagalu kakapulumuka, kawirikawiri kamakula n'kukhala galu wachikuda, ndipo wogula amadandaula kuti anamupusitsa. Anamupusitsadi pa mtengo, koma galu wachikuda amapirira kutentha, sadya zambiri, ndipo makutu ake ndi akuthwa ngati a wina aliyense.

Wophunzitsa agalu ndi amene ntchito yake anthu samaimvetsa kwenikweni. Ambiri anaidziwira kumakampani a zachitetezo kapena kupolisi, ena anaitolera pa YouTube, ndipo amayenda nyumba ndi nyumba ndi chingwe, mpira ndi tizidutswa ta chiwindi chouma m'thumba. Zimene amayamba nazo n'zochepa: galu akhale pansi, abwere akaitanidwa, adikire, ayende pambali pa munthu osakoka chingwe, asiye chimene wagwira. Luso lonse lagona pa nthawi. Mphoto ifike pompopompo galu atangochita chofunikacho, chifukwa ikachedwa pang'ono pokha iye sadziwanso chimene akuyamikiridwa. Chilangonso n'chimodzimodzi. Galu wathawa, mwamuitana kwa theka la ola, wabwera, inu n'kumukwapula: chimene waphunzira n'chakuti kubwera kwa inu kumapweteka, ndipo mawa achedwa koposa. Kumukhutiza mphuno m'mkodzo umene anakodza m'mawa sikumuphunzitsa kanthu. Phunziro la mphindi 10 kawiri kapena katatu patsiku limaposa la ola lathunthu Loweruka lokha. Aphunzitsi ambiri amalamula m'Chingerezi ngati kuti galuyo analipiriridwa sukulu yapulaiveti, chikhalirecho iye amangogwira kamvekedwe ka mawu, ndipo Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka n'chimodzimodzi bola liwulo lisasinthesinthe.

Nthawi ya mtengo wapatali ndi miyezi itatu kapena inayi yoyambirira. Kagalu kamene kaona ana, nkhuku, njinga yamoto, munthu wovala chipewa ndi wogwira ambulera pa msinkhu umenewo kamakula kokhazikika mtima. Tsoka lake, mphunzitsi amaitanidwa galu atakwanitsa zaka ziwiri, ataluma kale munthu. Vuto lina n'lakuti bwana amafuna kupereka galu monga momwe amaperekera galimoto kugalaja, iye n'kudzangotenga zitatheka. Mphunzitsi wanzeru amakana. Amafunsa kuti amene amadyetsa galuyu ndani, ndipo akauzidwa kuti ndi achimwene a m'maluwa aja, amati ameneyo ndiye akhalepo pa phunziro lililonse, pamodzi ndi ana a m'nyumbamo. Galu akamvera mphunzitsi yekha, ndalama zapita pachabe.

Palinso aphunzitsi a mtundu wina, a chikwapu ndi chiguduli. Amamanga galu pamtengo, kumuputa, kumumenya mpaka ayambe kudumphira aliyense, kenako n'kuitana bwana kuti adzaone mmene galu wake wasinthira. Bwanayo amakondwa n'kulipira, poti zotsatira zaoneka m'sabata imodzi. Koma galu wolondera weniweni sadziwika ndi kuluma, amadziwika ndi kusiya akauzidwa kuti asiye. Musanalembe mphunzitsi, muuzeni abwere ndi galu wake, muone ngati galuyo amamuthamangira akugwedeza mchira kapena amayandikira chokwawa, makutu ali chogona.

Pempho lina limene aphunzitsi amalandira kawirikawiri n'lakuti galu asamadye choponyedwa ndi mlendo, chifukwa mbava zimaponya nyama yothira tameki kudumphitsa mpanda. Zimaphunzitsika, koma palibe mphunzitsi woona mtima amene angalumbire kuti galu wanjala adzaisiya nyamayo pakati pa usiku. Galu akayamba kutuluka dovu, kunjenjemera ndi kugwagwa, mkaka ndi mafuta ophikira zimangotayitsa nthawi. Chofunika ndi dokotala wa ziweto ola lomwelo.

Amene akukayika kuti galu amaphunzira bwino mwa masewera akaone agalu onunkhiza a pabwalo la ndege la Kamuzu. Kuyambira mu 2018 apolisi, a nthambi yoona za nyama zakutchire ndi a Lilongwe Wildlife Trust ali ndi gulu la agalu ofufuza minyanga ya njovu, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka m'katundu. Galu wotere safuna chikwapu. Amaphunzitsidwa kuti akapeza fungo lija alandira chidole chake n'kusewera ndi womuyendetsa, ndipo chifukwa cha kamasewera kameneko amanunkhiza masutikesi mosatopa. Woyendetsayo ntchito yake ndi kuwerenga galu: mchira, mapumidwe, kutembenuka kwa mutu. Anzake a kumakampani a alonda, amene amazungulira mafakitale usiku wonse ndi galu pachingwe, kawirikawiri sapatsidwa nthawi yoti azolowerane ndi galu mmodzi motero.

Osambitsa ndi kumeta agalu ndi atsopano pa msika. Anabwera ndi tiagalu ta m'nyumba ta ubweya wautali monga Maltese, timene ubweya wake ukapanda kupesedwa umapotana n'kuchita mfundo zokoka khungu. Ena amagwirira kuzipatala za ziweto, ena amayenda ndi chikwama cha makina ometera, sizasi, chipeso ndi chodulira zikhadabo. Wodziwa amapesa kaye asananyowetse, chifukwa madzi amalimbitsa mfundo. Sagwiritsa ntchito sopo wochapira zovala, amene amaumitsa khungu, salola madzi kulowa m'makutu, ndipo chikhadabo amadula nsonga yokha popeza m'kati mwake muli mtsempha. Mwini German Shepherd akapempha kuti amumete mpala chifukwa kwatentha, iye amakana: ubweya umenewo umatchinjiriza dzuwa, chofunika ndi kupesa wam'kati wothothokawo. Kusamba kwa sopo kamodzi pamwezi n'kokwanira kwa agalu ambiri.

Koma kuno ntchito yaikulu ya wosambitsa si kukongoletsa, ndi tizilombo. Nkhupakupa zimabisala m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo zimafalitsa matenda amene galu amayera nawo nkhama, kufooka ndi kukodza mkodzo wakuda. Dipi amathandiza akayezedwa bwino. Wothiridwa mwa diso, kapena pa mlingo wa ng'ombe, amagwetsa galu, ndipo wosambitsa wopanda magolovesi amayamwa mankhwalawo ndi khungu lake. Nthawi ya dzinja kumabwera mphutsi zolowa pakhungu galu akamagona padothi lonyowa ndi mkodzo. Amapaka mafuta odzola pakabowo kuti mphutsiyo ibanike, kenako n'kufinya. Nsonga za makutu zodyedwa ndi ntchentche ndiponso mphere anthu amakonda kuzipaka oyilo wakuda wa galimoto, amene galu amanyambita n'kudwala nazo. Popeza manja a wosambitsa amayenda thupi lonse, ndi iye amene amayamba kupeza chotupa chimene mwini wake sanachione.

Madokotala a ziweto m'dziko muno ndi ochepa. Kwa zaka zambiri wofuna digiriyi ankayenera kupita kunja, mpaka pamene LUANAR inayamba kuwaphunzitsa ku Bunda. Ntchito yambiri ya m'maboma imagwiridwa ndi alangizi a ziweto ophunzira ku Natural Resources College ndi ku Mikolongwe, amene mtolo wawo waukulu ndi ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Dandaulo lawo pa agalu ndi limodzi: amaitanidwa mochedwa, galu atamwetsedwa kale mapiritsi a anthu opha ululu, amene amamuononga chiwindi, impso ndi m'mimba. Amavutikanso kukopa anthu kuti afule agalu aamuna ndi kutseka aakazi. Mwini wake amaopa kuti galu azizira, osaganiza kuti wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pachaka, bere lake ndi la masiku 63 okha, ndipo tiana tosafunikato timathera m'ngalande. Mpata umene madokotala asiya walowamo anthu a zikwama amene amabaya jakisoni pageti. Katemera amene wayenda tsiku lonse padzuwa, kunja kwa bokosi lozizira, mphamvu yake ndi yokayikitsa ngakhale khadi litasainidwa.

Pa onsewa, amene ntchito yawo imapulumutsa anthu mwachindunji ndi obaya katemera wa chiwewe. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atachitenga kwa galu, ndipo pafupifupi 40 pa 100 alionse mwa iwo ndi ana. Zizindikiro zikangoyamba, mankhwala palibe. Kale boma linkalamula kuti agalu amangidwe, opezeka akuyendayenda n'kuwomberedwa, koma malo a galu wophedwa amalowamo wina wosabayidwa. Chimene chimadula matendawa ndi kubaya agalu 70 pa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka. Madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth atalemba za ana amene ankamwalira ndi chiwewe, bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito ku Blantyre mu 2015 mogwirizana ndi boma, ndipo m'masiku 20 linabaya agalu oposa 35,000 mumzindawo. Pambuyo pake ntchitoyi inafikanso ku Zomba ndi ku Chiradzulu.

Gulu lililonse la katemerayu limakhala ndi wobaya, wolemba pa foni, ndi anyamata ogwira agalu, ena a ukonde wa chogwirira chachitali wokolera agalu osagwirika. Pamalo oikika monga pasukulu, mzere umadzaza ndi ana, wina wamanga galu wake ndi luzi, wina ndi waya, wina wanyamula tiagalu m'beseni. Masiku ena gululi limalowa khomo ndi khomo m'tinjira ta ku Ndirande ndi ku Bangwe, kumene wogwira galu ayenera kudziwa kufika cham'mbali, osamuyang'ana m'maso, osathamanga. Kulumidwa ndi gawo la ntchito yawo, ndipo lamulo limene amaphunzitsa ana m'masukulu amalitsata iwo eni: kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo apenge. Galu akabayidwa amapakidwa utoto pamutu, mwini wake n'kulandira kakhadi. Pambuyo pake kumabwera wina woyenda m'dera lomwelo kuwerenga agalu a utoto ndi opanda utoto, ndipo chiwerengero chikapanda kufika 70 pa 100, gulu lonse limabwereranso komweko.