Oyeza nyama: ntchito ya boma yoteteza ndiwo za anthu ku Dowa ndi ku Ntchisi

Kuyeza nyama ndi ntchito ya boma yoonetsetsa kuti chiweto chomwe chikukagulitsidwa ngati ndiwo chaonedwa ndi munthu wophunzira chikadali chamoyo, ndiponso kuti nyama yake yapimidwa isanafike pa sikelo ya m'butchala kapena pa chiwaya. Kuno ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi yoona zaumoyo ndi chitukuko cha ziweto mu Unduna wa Zaulimi, mothandizana ndi a zaumoyo ndi ukhondo komanso makhonsolo. M'maboma a Dowa ndi Ntchisi, kumene kalembera wa mu 2018 anapeza anthu opitirira 770,000 ndi 310,000, ziweto zambiri zimaphedwera pa malo ang'onoang'ono a m'misika monga Mponela, Madisi, Mvera, Malomo ndi pa boma pa Ntchisi. Kumeneko woyeza nyama kawirikawiri amakhala mlangizi wa ziweto wa m'deralo, amene anthu amangomutchula kuti a vetenale.

Chifukwa chake boma limalowererapo

Matenda ambiri a ziweto amagwiranso anthu, ndipo njira imodzi yomwe amadzera ndi nyama. Wogula sangadziwe zomwe zinali m'mapapo kapena m'chiwindi cha ng'ombe yomwe akugula nthuli yake, pakuti akamafika pamsika zam'kati zimakhala zitachotsedwa kale. Wogulitsa naye waika ndalama zake pa chiwetocho, choncho sangadziweruze yekha. Pamafunika munthu wachitatu wosapindula kanthu pa malondawo, wodziwa matupi a ziweto, komanso wokhala ndi mphamvu ya lamulo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Maiko ambiri anakhwimitsa malamulo a nyama atapsa kale. Ku United States lamulo lalikulu loyeza nyama linakhazikitsidwa mu 1906, buku la Upton Sinclair lotchedwa The Jungle litaulula uve wa m'mafakitale ophera ziweto a ku Chicago, ndipo la nkhuku linatsatira mu 1957. Ku Malawi woyeza nyama amadalira malamulo atatu: Meat and Meat Products Act la mu 1975 loona za kaphedwe ndi kagulitsidwe ka nyama, Control and Diseases of Animals Act la mu 1967 lopatsa boma mphamvu yoletsa kuyendetsa ziweto kukabuka mliri, ndi Public Health Act la mu 1948 loletsa kugulitsa chakudya chosayenera kudyedwa.

Chiweto chikadali chamoyo

Ntchito imayamba m'mamawa, mpeni usanagwire ntchito. Woyeza amayamba ndi makalata: chiphaso choyendetsera chiweto ndi umboni wa kumene chachokera, womwe nthawi zambiri umakhala kalata ya a mfumu. Makalatawa amathandiza kugwira ziweto zakuba komanso kulondola gwero la matenda akapezeka.

Kenaka amachiyang'ana chiwetocho chitaima ndiponso chikuyenda. Amaona ngati chikutsimphina, kupuma mobanika, kuchucha dovu kapena mamina, kutsegula m'mimba, kapena kuima chokha chitazolika mutu. Chokayikitsa amachiyeza kutentha kwa thupi. Mbuzi kapena nkhumba yomwe yabwera itamangidwa pa njinga kuchokera kumidzi ya m'mapiri imayenera kupumula ndi kumwa madzi isanaphedwe, chifukwa chiweto chotopa sichikhetsa bwino magazi ndipo nyama yake siichedwa kuonongeka. Woyeza amafunsanso ngati chiwetocho chabayidwa jakisoni posachedwa, popeza mankhwala amakhala m'thupi masiku angapo ndipo amakafika kwa wodya.

Chiweto chofa chokha sichiloledwa konse kulowa pa malo ophera. Choopsa kwambiri ndi ng'ombe yomwe yafa mwadzidzidzi ikutuluka magazi akuda osaundana m'mphuno ndi kumtumbo, chifukwa chimenecho chingakhale chizindikiro cha anthrax. Yotero siitumbulidwa, imakwiriridwa m'dzenje lakuya kapena kutenthedwa, chifukwa tizilombo ta anthrax tikagwera m'dothi timakhala ndi moyo zaka zambiri. Matendawa alipo m'dziko muno: mu 2018 anapha mvuu zambiri m'nkhalango ya Liwonde.

Nyama ikapachikidwa

Chiweto chikaphedwa ndi kusendedwa, mutu, zam'kati ndi thunthu lonse zimasungidwa pamodzi mpaka woyeza ataziona, kuti pasakhale kusinthanitsa ziwalo. Iye amagwiritsa ntchito maso, manja, mphuno ndi mpeni wakuthwa. Amayang'ana maonekedwe a nyama, kufinya mapapo ndi chiwindi kuti amve ngati muli zolimba, kenaka n'kucheka malo oikika: minofu ya m'masaya, lilime, mtima, chiwindi ndi timwanabere ta m'mutu, ta m'mapapo ndi ta m'matumbo.

Pa ng'ombe, chachikulu chomwe amafufuza ndi chifuwa chachikulu. Chimaoneka ngati zotupa zolimba zokhala ndi mafinya ouma achikasu m'timwanabere ndi m'mapapo, ndipo chimagwira anthu kudzera mu mkaka wosawiritsa kapena nyama yosapsa. M'chiwindi amachekamo kufuna nyongolotsi zaphanthiphanthi zokhala m'mitsempha ya ndulu. Ziweto zimazitenga podya msipu wa m'malo a lowe momwe muli nkhono, monga m'madambo a m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Chiwindi chogwidwa ndi nyongolotsizi chimalimba ndi kuyera m'mitsempha, ndipo chimatayidwa ngakhale nyama ina yonse ili bwino.

Pa nkhumba, zomwe zimawetedwa ndi kudyedwa kwambiri m'chigawo chapakati, woyeza amafufuza masese. Awa ndi timatuza toyera, tofanana ndi njere za mpunga, tokhala m'minofu ya lilime, ya mtima, ya m'masaya ndi ya m'mapewa. M'katuza kalikonse muli mwana wa njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Kumene anthu amadzithandiza kutchire ndipo nkhumba zimayenda zosatsekeredwa, nkhumbazo zimadya mazirawo n'kugwidwanso. Choopsa koposa n'chakuti munthu akameza mazirawo kudzera m'madzi, m'ndiwo zamasamba kapena m'manja osasamba, timatuza tija tingathe kumera mu ubongo mwake n'kuyambitsa khunyu. WHO imati m'madera ambiri momwe njokayi ndi yofala, pafupifupi anthu 30 mwa 100 alionse odwala khunyu amadwala chifukwa cha iyo. Motero woyeza akakana nkhumba ya masese pa msika, amakhala atateteza ngakhale anthu osadya nkhumba.

Palinso chigodola cha nkhumba. Matendawa sagwira munthu, koma alibe mankhwala, ndipo amatha kusesa makola a mudzi wonse m'masiku ochepa. Amafala kudzera mu nyama, magazi, zovala ndi zotengera. Alimi ena nkhumba zikayamba kufa amathamangira kupha zotsala n'kukagulitsa motchipa, ndipo potero amaufikitsa mliri kumidzi ina. N'chifukwa chake boma limaletsa kupha, kugulitsa ndi kuyendetsa nkhumba m'dera lomwe wabuka, ndipo alangizi a ziweto ndi apolisi ndiwo amaonetsetsa kuti chiletsocho chikutsatidwa.

Akamaliza, woyeza amagamula chimodzi mwa zitatu: nyama yonse ndi yabwino, chiwalo china chitayidwe, kapena chiweto chonse chitayidwe. Yovomerezeka amaidinda chidindo cha inki yosavulaza munthu, chomwe wogula ali ndi ufulu wofunsa kuti achione. Yokanidwa imatenthedwa kapena kukwiriridwa iye akuona, kuti isatulukire khomo lakuseri. Zonse amazilemba m'kaundula, ndipo malipoti amapita ku ofesi ya zaulimi ya boma, kuchoka apo ku ofesi yaikulu ya zaulimi ya Kasungu ADD yomwe imayang'anira Dowa, Ntchisi, Kasungu ndi Mchinji, mpaka kulikulu ku Lilongwe. Zomwe maso sangathe kutsimikiza zimatumizidwa ku labotale yaikulu ya ziweto ya ku Bwemba, ku Lilongwe.

Nkhuku

Kayezedwe ka nkhuku n'kosiyanako. M'mafakitale akuluakulu zimaphedwa zambirimbiri pa tsiku, choncho woyeza amaona mbiri ya khola lonse, kuyang'ana nkhuku zikudutsa pa mzere, ndi kulondola ukhondo wa madzi ndi kuzizira kwa mosungira. Tizilombo toopsa pa nkhuku, monga Salmonella ndi Campylobacter, sitioneka ndi maso, ndipo timachokera m'matumbo kupita pa nyama potumbula mosasamala.

Ku Dowa ndi ku Ntchisi nkhuku zambiri zimagulitsidwa zamoyo n'kukaphedwera pakhomo, kumene woyeza safika. Apa ntchito ya mlangizi imakhala yoteteza ndi kuphunzitsa: kulimbikitsa katemera wa chitopa wa I-2 wodonthezera m'diso, amene amapangidwa m'dziko mommuno, kuletsa kugulitsa nkhuku zodwala, ndi kukumbutsa oweta nkhuku zachizungu kuti asagulitse zomwe zangomwa mankhwala masiku oikika asanakwane.

Maphunziro ndi njira yolowera ntchitoyi

Poyambira ndi satifiketi ya MSCE yokhoza bwino Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi, makamaka biology. Alangizi a ziweto ambiri amaphunzira ku Natural Resources College ku Lilongwe, yomwe tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, kapena ku Mikolongwe College of Veterinary Science ku Chiradzulu. Kumeneko amaphunzira kapangidwe ka matupi a ziweto, matenda, mankhwala, malamulo ndi kayezedwe ka nyama. Ofuna udokotala wa ziweto amapita ku Bunda, kumene LUANAR imaphunzitsa digiri imeneyi. Kale Amalawi ankakaiphunzira kunja. Lamulo la Veterinary and Para-Veterinary Practitioners Act la mu 2001 limafuna kuti madokotala a ziweto ndi owathandiza akhale olembetsedwa.

Khomo lina ndi la zaumoyo ndi ukhondo. Ophunzira ku Malawi College of Health Sciences kapena ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, amalembedwa ntchito yoyendera mabutchala, malo odyera ndi misika, kuona madzi, zimbudzi ndi thanzi la ogwira chakudya. Ena amagwira m'malabotale kapena ku Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo limaika miyezo ya zakudya zokonzedwa m'mafakitale.

Mipata ya ntchito imalengezedwa poyera, ndipo olemba ndi Civil Service Commission kapena Local Government Service Commission pa ntchito za m'makhonsolo. Wongoyamba amatumizidwa ku dera la zaulimi, la EPA, kumene kuyeza nyama kumakhala gawo limodzi chabe la ntchito yake, pamodzi ndi kubaya agalu katemera wa chiwewe, kuchiza ziweto, kulangiza za nkhupakupa ndi kulemba ziphaso. Akachita bwino ndi kuonjezera maphunziro amatha kukwera kukhala mkulu wa za ziweto pa boma, ku ADD kapena kulikulu.

Zovuta ndi khalidwe lofunika

Alangizi a ziweto ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa madera awo. Misika ingapo imatha kukhala tsiku limodzi, ndipo m'nyengo yadzinja misewu ya m'mapiri imaterera moti njinga yamoto imavutika kudutsa. Malo ambiri ophera ndi simenti chabe yopanda denga, madzi a m'mipope ngakhale furiji. Anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, komanso pa Khirisimasi, ziweto zophedwa zimachuluka, ndipo za pa ukwati, pa maliro ndi pa ziliza nthawi zambiri zimadyedwa zosayezedwa.

Vuto lina ndi la maubale. Kukana ng'ombe yonse ndi kugwetsa mpamba wa munthu yemwe mwina amapemphera naye mpingo umodzi, ndipo apa m'pamene pamabwera madandaulo, ziopsezo ndi ziphuphu. Woyeza amafunika kukhala wokhulupirika, wosaopa, komanso wodziwa kufotokoza mwaulemu, akuonetsa mwini chiweto chomwe wapezacho kuti adzionere yekha. Amafunikanso kudziteteza povala magolovesi, majombo ndi chovala chantchito, chifukwa tsiku ndi tsiku amagwira magazi ndi ziwalo zomwe zingamupatsire matenda.

Ntchitoyi imayenda bwino pamene ena akuchita mbali yawo: khonsolo ikamanga malo ophera okhala ndi madzi, mafumu akaletsa kudya nyama yofa yokha, alimi akatsekera nkhumba m'makola ndi kukumba zimbudzi, ndipo ogula akamafunsa chidindo ndi kuphika nyama mpaka ipse bwinobwino.